Kathuza ka m'kati mwa mlomo wanga ndi K160,000 yomwe ndinasiya kuchipatala cha mano

Ndine telala. Makina anga a Butterfly ali pakhonde la sitolo ina ku Kawale, ndipo ndakhala pamenepo zaka 11. Aliyense amene anaimapo pamaso pa telala pomuyesa diresi akudziwa kumene timasunga mapini manja onse akatanganidwa: pakamwa. Ulusinso sikuti nthawi zonse timaufunira sizasi, timangoudula ndi mano. Ndayambira pamenepa chifukwa ndi pomwe panachokera vuto lomwe linandifikitsa kuchipatala cha mano chomwe ndikufuna ndikuuzeni, ngakhale ineyo ndinatha miyezi inayi osadziwa kuti gwero lake ndi limenelo.

Zinayamba mu Ogasiti, zinkhoswe ndi maukwati zitafika pachimake. Ndinali ndi madiresi asanu ndi atatu a operekeza mkwatibwi oti atuluke Loweruka lomwelo, ndipo ndinkasoka mpaka dzuwa kulowa. Tsiku lina ndikudula ulusi ndinadziluma m'kati mwa mlomo wam'munsi, chakumanzere. Ndinalavula timagazi n'kupitiriza ntchito. Patatha masabata ngati awiri, lilime langa linayamba kumakumana ndi kanthu pamalo omwewo. Nditapinda mlomo pagalasi loyeserapo makasitomala, ndinaona kathuza kozungulira, kosalala, kakukula ngati njere ya nandolo, kooneka ngati kabuluu pang'ono, kokhala ngati muli madzi. Ndikakadina ndi chala kankalowa m'kati n'kubwereranso. Kupweteka ayi, kuyabwa ayi. Ndinkadya nsomba ya tsabola wa kambuzi osamva kalikonse.

Sabata yachitatu kanaphulika kokha ndikudya nsima. M'kamwa munadzaza timadzi tonanda ngati therere, ta mcheremchere. Ndinasangalala kuti basi zatha. Sipanathe masiku khumi, kanadzazanso, kokulirapo. Ulendo wachiwiri sindinadikire kuti kaphulike kokha. Ndinatenga singano yatsopano, kuiwotcha pa kandulo, kukaboola. Tinatuluka timadzi tomwe tija, mlomo unaphwa, ndipo sabata yotsatira kanabwereranso. Ndinachita zimenezi katatu. Musachite. Ndidzafotokoza kutsogoloku zomwe singano ija inandionjezera.

Ndisanaganize za chipatala ndinapita ku famase ina ya m'tauni. Mnyamata wa pakauntala sanatuluke n'komwe kuseri kwa galasi. Ndinapinda mlomo, iye anasuzumira ali patali, n'kunena kuti ndi zilonda za m'kamwa. Anandigulitsa makapisozi a masiku asanu, kabotolo ka jivi ndi kachubu ka mankhwala opaka. Zonse pamodzi K14,000. Makapisozi ndinamaliza, m'mimba munandipweteka masiku onsewo, mlomo unakhala wapepo sabata yathunthu moti makasitomala ankandiyang'ana pakamwa m'malo moyang'ana nsalu, koma kathuza kanali pomwepo. Ndalama imeneyo imandiwawa kuposa yonse yomwe ndinalipira pambuyo pake, chifukwa inagula mankhwala a matenda omwe ndinalibe.

Chomwe chinkandisowetsa tulo n'chakuti kanthuko sikankapweteka. Chilonda chopweteka umachidziwa, umachipirira, chimapola. Koma ichi chinali chete. Alamu anga atachiona anatsitsa mawu n'kundifunsa ngati ndimawakhulupirira achimwene awo, chifukwa iwo anamva kuti chindoko chimayamba ndi kachilonda kosapweteka. Mayi wina wogulitsa mandasi pafupi ndi makina anga anati pali mnzanga wa ntchito yemwe sakukondwa ndi makasitomala anga, ndipite akandione. Mwana wanga wamkulu anafufuza pa foni n'kundionetsa zithunzi za khansa ya m'kamwa zomwe mpaka lero sindinaziiwale. M'nyumba munalowa kachisanu. Bambo a ana sanandiyankhe mwano, koma ndinkaona kuti funso la alamu anga lawafika, ndipo nawonso akundifunsa lomwelo mumtima. Kanthu kakang'ono ngati nandolo kanatsala pang'ono kutiyambanitsa.

Amene anandilozera njira ndi kasitomala wanga wina, namwino, pomwe ndinkamuyesa siketi. Anandiuza kuti za m'kamwa zonse, osati mano okha, amazidziwa bwino ndi a mano. Ine ndinkayesa kuti kumeneko amangozula ndi kumata. Ananditchulira kachipatala kena koyima pakokha m'tauni ya Lilongwe. Dzina lake sinditchula, chifukwa pali zina zomwe ndidandaule ndipo sindikufuna mwana wa munthu achotsedwe ntchito chifukwa cha zolemba zanga.

Ndinapita Lachiwiri lina la mu Disembala, mvula itagwa usiku. Malowo ndi aukhondo, zimenezo ndisabise. Pansi popukutidwa bwino, mipando yosang'ambika, chimbudzi cha madzi ndi sopo. Koma pa tebulo lolandirira alendo ndi pomwe ndinakhumudwa koyamba. Mtsikana wa pamenepo anandifunsa mokweza, anthu asanu ndi mmodzi ali pa benchi kumbuyo kwanga: "Mayi, vuto n'chiyani?" Ndinayankha motsitsa kuti ndili ndi chotupa pamlomo. Iye anabwereza mokweza ngati sanamve: "Chotupa pamlomo? Chatenga nthawi yaitali bwanji? Chikutuluka mafinya?" Bambo wina yemwe anali pafupi nane anasuntha pang'ono. Munthu wobwera ndi mantha omwe ndinabwera nawo ine safunsidwa choncho pagulu. Kapepala koti ndilembepo ndekha kakanakwana. Ndinalipira K20,000 yoonana ndi dokotala, ndipo ngakhale anandiuza pa foni kuti ndifike 9 koloko, ndinalowa nthawi itadutsa 10:30. Palibe amene anabwera kudzatiuza chifukwa chake.

Ndili pa benchipo ndinawerenga zikalata za pakhoma. Panali cha Medical Council of Malawi chokhala ndi dzina la adokotala, ndipo namwino uja anali atandichenjeza kale kuti kulikonse komwe ndingapite ndiyambe ndayang'ana chimenecho. Anandiuzanso kuti madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa, poti sukulu yawo inangoyamba mu 2019 ku College of Medicine ku Blantyre, komwe tsopano ndi Kamuzu University of Health Sciences, ndipo kale onse ankakaphunzira kunja. Ambiri omwe timawapeza m'zipatala za m'maboma ndi aja amaphunzira za mano ku Malawi College of Health Sciences. Zimenezi zinandithandiza kupirira pa benchi paja, ngakhale sizikufafaniza kuti ola ndi theka kwa telala mu Disembala ndi siketi yathunthu.

Nditalowa, zonse zinasintha. Adokotala ndi mayi wa msinkhu wanga kapena kupitirira pang'ono. Sanathamangire kundigoneka pa mpando wawo uja. Anandikhazika pa mpando wamba n'kuyamba mafunso. Kanayamba liti? Kamakula n'kuphwa, kapena kamangokulirakulira? Kakaphulika mumatuluka chiyani? Mumasuta, kapena kuika chingambwe? Mowa? Munayezetsa magazi liti? Funso lomalizali anafunsa chitseko chili chotseka, mwaulemu, ndipo nditawauza kuti ndinayezetsa mu Juni ku sikelo ya kulera anangolemba. Kenako anafunsa ntchito yanga. Nditati ndine telala, anaika cholembera pansi.

"Ulusi mumadula ndi chiyani, mayi?"

"Ndi mano, adokotala."

"Mapini?"

Sindinayankhe, ndinangoloza pakamwa.

Atavala magolovesi anapinda mlomo wanga pansi pa nyale yawo, kuuumitsa ndi kansalu, n'kugwira kathuza kaja pakati pa zala ziwiri, china m'kati china kunja. Sanalekere pomwepo. Anayang'ana mlomo wam'mwamba, m'masaya monse, nkhama, kumwamba kwa m'kamwa, anagwira lilime ndi kansalu n'kulitembenuzira uku ndi uku, anandiuza ndilikweze kuti aone pansi pake. Kenako anapita kumbuyo kwanga n'kumapapasa pansi pa chibwano ndi m'khosi kufuna anabere. Anayendetsanso chala pa dzino langa lina lam'mwamba lomwe linabenthuka kalekale n'kunena kuti lili ndi m'mphepete wakuthwa womwe umakhula pamalo omwewo ndikatseka pakamwa. Zonsezi zinatenga mwina mphindi khumi. Mnyamata wa ku famase uja anatenga masekondi asanu.

Dzina la kanthuko ndi mucocele. Anandilembera pa kapepala, ndipo ndikadali nako. Anandipatsa kagalasi, n'kundiuza ndipinde mlomo ndekha mbali yomwe inali yabwino, aumitse, ndidikire. Patapita kanthawi ndinaona timadontho ting'onoting'ono tikutuluka pamlomo wouma uja ngati mame pa tsamba la chimanga. Anati m'kati mwa milomo, m'masaya ndi kumwamba kwa m'kamwa muli timatumba mazanamazana topanga malovu, ndipo kalikonse kali ndi kanjira kake kopyapyala kotulutsira malovuwo. Ukadziluma, kanjirako kamatha kuduka. Kathumbako sikadziwa kuti njira yaduka, kamapitiriza ntchito yake, ndiye malovu amangotayikira pansi pa khungu n'kudzikundikira pamenepo. Timadzi tonanda ngati therere tija si mafinya, ndi malovu. N'chifukwa chake sikapweteka, ndipo n'chifukwa chake makapisozi sakanachita kanthu, poti munalibe tizilombo toti aphe. Ukaboola umangotaya madziwo, kasupe ali pomwepo. Anati tambiri timatuluka pamlomo wam'munsi chifukwa ndi womwe mano am'mwamba amauluma, timakonda ana ndi achinyamata, sitipatsirana, ndipo si khansa. Tina ting'onoting'ono timatha tokha munthu akasiya kutiseweretsa. Kanga kanali katadutsa pamenepo: miyezi inayi, kuphulika kanayi, ndipo singano yanga inali itasiya chipsera cholimba pamwamba pake, chomwe chinachititsa kuti podula adule mokulirapo.

Ndinalira pa mpando pomwepo, osati ndi chisoni. Anandipatsa tishu n'kudikira. Kenako ndinawauza za alamu anga ndi za zithunzi za pa foni zija. Apa ndi pomwe ndikuti K20,000 ija inagwira ntchito, chifukwa akanatha kungoti musade nkhawa n'kuitana wotsatira. M'malo mwake anatsegula buku la zithunzi n'kundionetsa kusiyana kwake, chimodzichimodzi.

Chindoko, anati, chingathedi kutulukira pamlomo ndipo sichipweteka, pamenepo alamu anu sananame. Koma chimakhala chilonda chotseguka, cholimba m'mbali, kawirikawiri ndi anabere pansi pa chibwano, osati thuza la madzi. Chimapola chokha pakatha masabata angapo matenda ali m'thupi, ndiye munthu amayesa wachira. Chimadziwika poyeza magazi ndipo chimachizika ndi jakisoni wa penisilini. Timatuza tomwe timati malungo atulukira pakamwa n'tosiyananso. Timabwera kunja kwa mlomo, tambiri pamodzi, timayamba ndi kunyerenyetsa kapena kuwotcha, timaphulika n'kuuma nkhanambo, ndipo timayamba ndi kachilombo ka herpes komwe kamadzuka thupi likatentha kapena likafooka. Timeneto timapatsirana, choncho munthu ali nato asapsompsone khanda. Zilonda za m'kamwa zenizeni, zija mnyamata wa ku famase ankanena, zimapweteka kwambiri, zimakhala zoyera kapena zachikasu pakati ndi kofiira kuzungulira, ndipo zimapola pasanathe masabata awiri.

Anandionetsanso m'kati mwa tsaya langa lomwe timadontho tachikasu, ting'onoting'ono ngati mchenga, tomwe ndinali ndisanationepo. Amati madontho a Fordyce. Ndi timatumba ta mafuta chabe, akuluakulu ambiri ali nato, sitifuna mankhwala. Palinso kachotupa kolimba, kofanana mtundu ndi m'kamwa momwemo, kopanda madzi, komwe kamamera pomwe munthu amadziluma kawirikawiri, ngati chikanga cha m'manja mwa wolima. Amakatcha fibroma. Thuza langa lomweli likakhala pansi pa lilime limakula kwambiri ndipo amalitcha ranula, dzina lochokera ku mawu a Chilatini otanthauza chule, chifukwa limaoneka ngati khosi la chule akafufuma.

Atafika pa masamba ena anachedwapo, ndipo mawu awo anasintha. Chotupa cholimba pamlomo wam'mwamba sachitenga mopepuka, chifukwa mucocele sikakonda kumeneko, ndipo kangakhale chotupa cha kathumba ka malovu komweko chofunika kuchiyeza. Zigamba zofiirira kapena zakuda ngati zapepo kumwamba kwa m'kamwa kapena pa nkhama zingakhale khansa ya Kaposi, yomwe imayenda ndi HIV, ndipo kwathu kuno siyachilendo. Chilonda chosapola, cholimba ukachigwira, chotuluka magazi, kapena chigamba choyera kapena chofiira chomwe sichichoka ukachipukuta, makamaka kwa munthu wosuta, woika chingambwe kapena womwa kachasu, chimenecho ndiye choopa. Ndipo khansa ya m'kamwa poyamba nthawi zambiri sipweteka. Anati muyeso wawo ndi wa masiku, osati wa ululu: chilichonse cha m'kamwa chomwe chadutsa masabata awiri kapena atatu osatha, chionedwe ndi munthu wovala magolovesi, pansi pa nyale. Ndinawapempha abwereze zimenezi kwa bambo a ana pa foni. Anavomera, anawalankhula mphindi ziwiri, kuwauza kuti akazi anu ali ndi kathuza ka malovu kobwera chifukwa cha ntchito yawo. Usiku umenewo tinadya tikucheza koyamba patatha masabata ambiri.

Opaleshoni anaichita Lachisanu la sabata yomweyo, pa mpando womwewo. Ulendo uno ndinadikira mphindi makumi awiri zokha. Zida anazitsegula m'mapaketi omata ine ndikuona. Anayamba wapaka mankhwala pamalopo, kenako jakisoni wa dzanzi. Jakisoniyo amaluma ngati nyerere ya linthumbu, kwa kanthawi kochepa, kenako mlomo umamveka ngati wakula kufika pachifuwa. Anandibaya pang'ono ndi kachitsulo kufunsa ngati ndikumva, ndipo sanayambe mpaka nditapukusa mutu. Mtsikana wowathandiza anagwira mlomo wanga mopinda ndi manja awiri. Sindinamve ululu, ndinkangomva kukoka. Magetsi anazima ali pakati, nyale inathima, ndipo mtima wanga unagunda, koma jenereta inalira pasanathe mphindi imodzi. Adokotala anangodinikiza kansalu pabala n'kundiuza kuti, "Pumani bwinobwino, mayi, tili limodzi." Atamaliza anandionetsa zomwe anachotsa: kathumba kophwa, ndi tinthu tina titatu totuwa ngati njere za mapira. Timeneto ndi timatumba ta malovu tapafupi. Anati akasiya kamene kakudontha, thuza limabwereranso, ndiye amachotsa ndi toyandikana nako.

Kusoka ndiye ndinganenepo ngati mwini ntchito. Singano yawo ndi yokhota ngati chikwakwa, ulusi ndi womatirira kale kumbuyo kwake, ndipo saigwira ndi zala, amaigwira ndi kachitsulo kokhala ngati sizasi. Anasoka kanayi ndi ulusi wakuda, ndipo pamene alowetsa singano paliponse amamanga mfundo yakeyake n'kudula, osati msoko wopitirira monga timachitira ife. Ndinafunsa pambuyo pake, anati n'cholinga choti umodzi ukamasuka enawo agwirebe. Kunyumba ndinayang'anitsitsa pagalasi. Mipata yake inali yofanana, m'mbali mwa bala munakumana bwino osakwerana, ndipo sanakoke kwambiri moti n'kukwinyika. Wophunzira wanga akanandibweretsera msoko wotero pa kolala ndikanamuyamikira. Zonse, kuyambira jakisoni mpaka kutsuka, zinatenga pafupifupi theka la ola. Anapalanso dzino lobenthuka lija kuti lisakhale lakuthwa, osandilipiritsa.

Tsopano dandaulo langa lalikulu. Lachiwiri lija anandiuza kuti opaleshoni ndi K95,000. Ndinaisonkhanitsa movutika, ina kuchokera ku banki mkhonde. Nditatuluka, mlomo uli dzanzi, kansalu kali pakamwa, malovu akudontha, mtsikana wa pa tebulo uja anandiuza kuti palinso K45,000 yotumizira kanthu kaja ku labu. Kanali kale m'kabotolo ka mankhwala, dzina langa litalembedwa. Kutumizako sindikutsutsa ngakhale pang'ono. Adokotala anali atanena kuti chilichonse chomwe achotsa m'kamwa amafuna chikaonedwe pa makina oonera tinthu tating'ono, chifukwa maso ndi zala zimatha kunama. Koma sananene mtengo, ine sindinadziwe kuti ndi ndalama yapadera, ndipo wa pa tebulo sanaitchule pomwe ndinkafunsa kuti ndibwere ndi zingati. Munthu sangakambirane za ndalama pakamwa pali dzanzi. Ndinachita kulemba uthenga kwa bambo a ana kuti anditumizire pa Airtel Money, iwo anakakongola kwa mnzawo. Ukamuuza kasitomala mtengo wa diresi, umamuuziratu za lainingi ndi zipi. Mukapita, funsani mtengo wa zonse pamodzi, labu ndi kuchotsa ulusi zomwe, ndipo akulembereni pa pepala.

Kupola sikunavute. Anandiletsa zotentha mpaka dzanzi litatha, kuopa kudziwotcha kapena kudziluma osamva. Kuyambira tsiku lotsatira ndinkachukucha madzi ofunda a mchere, theka la kasupuni m'kapu, ndikatha kudya. Anandipatsa parasetamo yekha. Nditafunsa za makapisozi anati bala loyera ngati limenelo silifuna, ndipo ndibwere msanga ngati kutupa kukukula tsiku lachitatu litadutsa, kapena ndikaona mafinya ndi kutentha thupi. Masiku awiri oyamba mlomo unatupa ndipo unkawawa ndikamalankhula. Ndinkadya phala lozizira, nthochi ndi chambiko. Tsiku lachitatu ndinabwerera pa makina. Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri anachotsa ulusi, mphindi zitatu, osalipira. Kamalo kakang'ono pamlomopo kanakhala ndi dzanzi pafupifupi masabata asanu ndi limodzi, ngati pali kapepala komata. Anali atandichenjezeratu kuti timitsempha ta pamenepo timakhudzidwa podula, choncho sindinachite mantha. Panopa patsala kamzere koyera komwe ndimakapeza ndi lilime lokha.

Zotsatira za ku labu anati zitenga masabata awiri. Zinatenga asanu. Ndikudziwa kuti panali tchuthi cha Khirisimasi, ndipo mwina kuchedwako sikunali kwa iwo. Koma ndinaimba foni katatu, ndipo katatu konse yankho linali lakuti tikuimbirani, osaimba. Munthu amene waonetsedwa zithunzi za khansa m'buku, ngakhale atauzidwa kuti yake si imeneyo, amawerenga masiku. Uthenga umodzi wa pa foni wonena kuti sizinafike, musade nkhawa, ukanandipatsa tulo. Zitafika anaimba ndi adokotala eni ake, napepesa osadzikhululukira, n'kundiwerengera: mucocele, palibe china. Pepalalo ndinakatenga ndipo ndinalisunga m'buku langa la kuchipatala.

Ndiye kodi ndingatumizeko munthu? Inde, ndipo ndatumizako kale awiri. M'chipinda cha adokotala simo muli vuto. Manja awo ndi abwino, amayang'ana m'kamwa monse osati pomwe walozapo pokha, amafotokoza m'Chichewa chomveka, ndipo sanandigulitse mankhwala ngakhale amodzi omwe sindinkawafuna. Vuto lili pakhomo: kufunsa matenda pagulu, kusasunga nthawi, mtengo wobwera mwapang'onopang'ono, foni yosabwezedwa. Zonsezi n'zokonzeka sabata imodzi ngati eni ake atafuna, ndipo zitatu zoyambazo ndinawauza adokotala maso ndi maso tsiku lochotsa ulusi. Analemba. K160,000 si ndalama yoti aliyense angaipeze, ine ndemwe ndamaliza kubweza ku banki mkhonde mu Marichi. Amene alibe asakhale pakhomo n'kumaboola ndi singano. Ku Kamuzu Central kuli gawo la mano, ku Queens ku Blantyre chimodzimodzi, ndipo m'zipatala za m'maboma muli a mano. Ayambire pachipatala chapafupi apemphe kalata. Chomwe ndinagula ine ndi kufulumira, poti Disembala sindikanatha kusiya makina masiku ambiri.

Patha miyezi isanu kathuza sikanabwerere, ngakhale anandiuza kuti nthawi zina kamabwerera ndipo ndikakaona ndisakakhudze. Ndinasoka kapilo kakang'ono ka zidutswa za chitenje, kokhala ndi lasitiki, komwe ndimavala padzanja n'kubayapo mapini, ndipo kasizasi kali pa chingwe m'khosi. Wophunzira wanga ndinamusokeranso kake.

Pa Isitala ndinapita kumudzi ku Mitundu. Azakhali anga, omwe aika chingambwe kuseri kwa mlomo wam'munsi kuyambira ndisanabadwe, anali pa mkeka akusenda nyemba. Ndinawapempha apinde mlomo, ndinawalitsa ndi tochi ya foni. Pomwe amaika fodyayo pali chigamba choyera, chokhakhala, chachikulu ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Ndinachipukuta ndi kansalu, sichinachoke. Ndinawafunsa kuti chakhala nthawi yaitali bwanji, anati kuyambira mvula isanayambe, koma sichipweteka, mwanawe, usavutike. Akubwera Lolemba pa minibasi ya m'mawa, adzagona kwathu, ndipo Lachiwiri ndikupita nawo. Mtengo ndafunsiratu, wa labu womwe, ndipo andilembera pa uthenga.